Suti ya Masana: Kusankha Chovala cha Tsiku la Mpikisano wa Mahatchi

Mpikisano wotchuka kwambiri wa mahatchi ku South Africa, wa Durban July, ndi wa mamita 2,200 okha. Hatchi yopambana imamaliza mtunda umenewu m'mphindi ziwiri ndi masekondi owerengeka. Koma khamu limene limadzaza bwalo la Greyville Loweruka loyamba la Julayi limakhala pamenepo kuyambira chakum'mawa mpaka mdima, likuyendayenda pakapinga, kukwera ndi kutsika masitepe, kudya choimirira ndi kujambulitsa. Mwamuna amene wapita kumeneko amayesa suti yake m'njira imene ofesi siingayese. Mu ofesi munthu amakhala pampando, jekete ili pamsana pa mpandowo, ndipo kuwala kwa magetsi kumabisa zambiri. Pabwalo la mahatchi palibe chobisika. Dzuwa limaonetsa msoko wopotoka, nsalu yonyezimira chifukwa chopsa ndi simbi, komanso mapewa a jekete olendewera.

N'chifukwa chake tsiku la mahatchi ndi poyambira pabwino pophunzira kusankha suti ya masana. Chimene chingapirire tsiku limeneli chingapirirenso ukwati wa pakapinga ku Area 10 kapena ku Area 43 ku Lilongwe, mwambo wolandira digiri, ngakhale chinkhoswe cha mu Okutobala.

Dziko lopanda mabwalo a mahatchi

Lilongwe ilibe bwalo lofanana ndi Greyville, ndipo chifukwa chake n'chakale. Mahatchi sankakhalitsa m'dziko muno. Ntchentche ya kashembe, imene imapatsa anthu kaodzera, imaperekanso ku ziweto tizilombo timene timafooketsa hatchi mpaka kufa. Palinso nthenda ina ya mahatchi yofalitsidwa ndi timanyenje ting'onoting'ono toluma madzulo. David Bruce, dokotala amene anatulukira gwero la matenda a kashembe pa ziweto ku Zululand m'ma 1890, anadzapitiriza kafukufuku wake kuno ku Nyasaland nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanayambe. Azungu oyambirira, amene kwawo akanakwera hatchi, kuno ankanyamulidwa pa machila. Mahatchi ochepa amene alipo lero amapezeka m'mafamu ndi m'malo okopa alendo, monga paphiri la Zomba ndi ku Kande m'mphepete mwa nyanja.

Amalawi ambiri anaudziwira kunja mpikisanowu. Azigogo athu amene anapita ku Joni pa Wenela, kapena ku Southern Rhodesia pa Mthandizi, anapeza mizinda imene mahatchi anali nkhani ya Loweruka lililonse. Ku Harare kuli bwalo la Borrowdale Park, kumene mpikisano wa Castle Tankard unayamba mu 1960. Ku Johannesburg kuli Turffontein, ku Cape Town kuli Kenilworth. Anthu omwewa pobwerera kumudzi ankatsika ndi sutikesi yachitsulo, ndipo chimene chinkatsimikiza kuti sanapite pachabe chinali suti, chipewa ndi nsapato zowala. Lero ana ndi zidzukulu zawo ali mbwee m'mizinda yomweyo, ndipo ena akaitanidwa ndi abwana kapena anzawo ku Durban July, chovala amachipangitsa kwa telala wa ku Old Town.

Bwalo lililonse lili ndi eni ake

Funso loyamba si lakuti suti iti ndi yokongola. Funso loyamba ndi lakuti eni malo amalola chiyani. Safunsa anadya phula, ndipo pa nkhani iyi phula lake ndi kubwezedwa pageti tikiti ili m'manja.

Kumene kuli malamulo okhwima koposa ndi ku Ascot, ku England. Bwalo limeneli analiyambitsa ndi Mfumukazi Anne mu 1711, ndipo mpikisano wake waukulu, Royal Ascot, umachitika masiku asanu mu Juni. M'chigawo cha alendo a banja lachifumu mwamuna amayenera kuvala jekete ya mchira wautali kumbuyo, yakuda, yotuwa kapena yabuluu wodera, pamodzi ndi wesikoti, tayi, nsapato zakuda ndi chipewa chachitali chonga chitini. M'chigawo chotsatira amalola suti wamba, koma jekete ndi thalauza zikhale za nsalu imodzi ndi mtundu umodzi, shati ikhale ya kolala, tayi isasowe. Mu 2018 anawonjezera lamulo lakuti mwamuna aliyense avale masokosi, poona kuti achinyamata ayamba kuonetsa akakolo. Mlendo wochokera kunja amaloledwa kuvala chovala chodziwika cha dziko lake.

Kumwera kuno zinthu n'zomasukirapo. Durban July inayamba mu 1897, ndipo masiku ano chaka chilichonse imakhala ndi mutu umene osoka zovala amautsatira. Mu 2024 mutu wake unali wonena za mafunde a panyanja. Kumeneko suti yofiirira, ya maluwa kapena yosakaniza ndi nsalu ya chitenje siidabwitsa munthu. Ku Kenilworth kuli mpikisano wa King's Plate mu Januwale, umene aliyense amayenera kuvala zabuluu ndi zoyera. Ndipo ngakhale pabwalo limodzi, malamulo a kumpanda wa anthu wamba ndi a m'matenti a makampani amasiyana. Kalata yokuitanani kapena tikiti yanu imanena chimene chikufunika. Iwerengeni musanapite kumsika.

Suti imene Amalawi anazolowera

Kwa zaka makumi atatu chithunzi cha suti m'maso mwa Mmalawi chinali cha munthu mmodzi. Dr. Hastings Kamuzu Banda anatera ku Chileka pa 6 Julayi 1958 atakhala kunja zaka zopitirira makumi anayi, zina mwa izo akugwira ntchito ya udokotala ku Liverpool, North Shields ndi London. Anabwera ndi kavalidwe ka dokotala wa ku Britain wa nthawi imeneyo: suti yodera ya zidutswa zitatu, tayi ndi chipewa cha wilisoni. Chithunzi chake chinali m'sitolo ndi mu ofesi iliyonse. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa amayi mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo amuna nawo ankaletsedwa tsitsi lalitali ndi mathalauza otambalala kumiyendo, mpaka zinthu zitasintha mu 1993. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, ogwira ntchito m'boma anadzaza Capital Hill atavala monga Kamuzu ankavalira.

Anansi athu anatenga njira zina. Kenneth Kaunda anatchukitsa suti yopepuka yopanda tayi, imene mpaka lero imadziwika ndi dzina lake. Mobutu analetsa suti ndi tayi ku Zaire m'ma 1970. Nelson Mandela ankakumana ndi mafumu atavala shati ya maluwa. Ife tinatsala ndi suti yodera yolemera, ndipo ambiri tikati suti timaganiza yakuda: ya kuukwati, ya kumaliro, ya kukafunsidwa ntchito, yonseyo imodzi. Suti yakuda ili ndi malo ake, koma malowo si pakapinga masana. Imakoka dzuwa, imaonetsa fumbi lililonse, ndipo pakati pa anthu ovala zowala mwini wake amaoneka ngati wabwera kudzagwira ntchito ya chitetezo.

Njira zitatu za ku Old Town

Munthu wofuna suti ku Lilongwe ali ndi makomo atatu, ndipo onse akhoza kuwayendera wapansi tsiku limodzi.

Khomo loyamba ndi masitolo a zovala zatsopano, a ku Area 2, a m'mbali mwa msewu wa Kamuzu Procession, kapena a ku City Centre. Masuti ake ambiri amachokera ku Turkey, China, Dubai ndi South Africa. Ubwino wake ngwakuti jekete ndi thalauza zimabwera pamodzi ndipo masaizi amapezeka. Vuto ndi mtengo, umene unakwera kwambiri kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, komanso kuti ambiri mwa otsika mtengo ndi a poliyesita.

Khomo lachiwiri ndi kaunjika: kumsika wa Tsoka m'mphepete mwa mtsinje wa Lilongwe, kumsika waukulu pafupi ndi depoti, m'mbali mwa msewu wa Malangalanga, ndi m'masitolo a DAPP. Kuno n'kumene kumapezeka nsalu zabwino koposa pa mtengo wotsika koposa, chifukwa jekete imene munthu wa ku Europe anaigula mokwera mtengo imalowa m'belo limodzi ndi ya wamba. Odziwa amafika m'mawa tsiku lotsegula belo, asanasankhemo anyamata amene amagula zabwinozo, n'kukazichapa, kuzisita ndi kuzigulitsanso zili pa hang'ala. Wogulitsa adzakuuzani kuti, "Bwana, iyi ndi ya ku Italy, yangotuluka lero, yakukhalani ngati anakuyezani." Mawu amenewa amauza aliyense. Chovuta cha kaunjika n'chakuti jekete ndi thalauza lake nthawi zambiri zimasiyana njira. Musavutike kufunafuna thalauza loyandikira mtundu: mitundu iwiri yofanana pang'ono imaoneka bwino mumthunzi wa msika koma imakanana padzuwa. Kuli bwino kusiyanitsiratu, jekete yabuluu pa thalauza lotuwa kapena la khaki, malinga ngati malo amene mukupita amalola zimenezi.

Khomo lachitatu ndi telala. Mumagula nsalu m'masitolo a amwenye, pafupifupi mamita atatu ndi theka pa suti ya zidutswa ziwiri, ndi kuwonjezerapo ngati mukufuna wesikoti kapena ngati nsaluyo ili ndi mabokosi ofunika kuwakumanitsa pamsoko. Si telala aliyense wa pakhonde amene amatha jekete. Thalauza ndi shati ambiri amasoka bwino, koma kolala ya jekete ndi kulumikiza mkono paphewa ndi luso lapadera. Pemphani kuona jekete imene anasokera munthu wina, ndipo gwirizanani kuti mudzayesa kawiri asanamalize. Mupatseni mwezi wathunthu, makamaka m'nyengo ya maukwati pamene makina ake sapuma.

Yambani ndi mapewa

Khomo lililonse limene mungalowe, chofunika koposa n'chimodzi: jekete ikhale bwino pamapewa. Telala angathe kubweza m'chiuno, kufupikitsa mikono, kupinda miyendo ya thalauza. Koma kusintha mapewa n'kumasula jekete yonse, ndipo kawirikawiri siibwereranso mwakale. Msoko wa paphewa uthere pamene fupa la phewa lanu lathera. Imani chammbali pakhoma n'kulitsamira pang'ono: ngati chayamba kugunda khoma ndi jekete mkono wanu usanafike, ndiye kuti yakula.

Kenako mangani batani lapamwamba. Chikhatho chilowe pakati pa jekete ndi chifuwa mosavuta, koma chibakera chisalowe. Nsalu ikakokeka mozungulira batani n'kupanga makwinya opingasana, yachepa. Kolala igone pakhosi la shati popanda mpata kumbuyo. Kutalika kwake kuphimbe matako. Mikono ithere pamfundo ya dzanja, kuti shati ionekere pang'ono, ngati sentimita imodzi. Thalauza likhudze nsapato ndi kupindika kamodzi kokha. Likaunjikana pa akakolo limakolopa fumbi ndi mame.

Manambala a mkati mwa jekete za kaunjika amasokoneza ambiri. Za ku Britain ndi America zimalemba kukula kwa chifuwa m'mainchesi, monga 38, 40 kapena 42, ndi chilembo pambali: S ya munthu wamfupi, R ya wapakati, L ya wamtali. Za ku Italy ndi Germany zimawonjezera khumi, kotero 50 ya kumeneko ndi 40 ya ku Britain. Komabe nambala ingokuthandizani kusankha choyesa. Woweruza ndi thupi lanu. Pitani mutavala shati ya kolala, osati tisheti, ndipo tengani mnzanu wosaopa kukuuzani zoona, chifukwa kagalasi ka pamsika sikaonetsa msana.

Nsalu, nyengo ndi mtundu

Julayi wa ku Durban safuna zosiyana kwenikweni ndi Julayi wa ku Lilongwe: masana kadzuwa kofunda, dzuwa likangolowa kuzizira. Apa wesikoti imagwira ntchito yake, chifukwa masana mukhoza kuvula jekete n'kuonekabe wotchena, ndipo madzulo imateteza chifuwa. Mpikisano wa mu Januwale ku Cape Town, kapena mwambo wa mu Okutobala kuno, umafuna nsalu yopepuka ndi zidutswa ziwiri zokha.

Nsalu yabwino koposa ya suti ndi ya ubweya wa nkhosa. Anthu amaiopa poganiza za juzi, koma ubweya wolukidwa mopyapyala umapitsa mpweya, umayamwa thukuta, ndipo makwinya ake amatha okha ukaupachika usiku umodzi. Poliyesita imatsekera kutentha m'thupi ndipo imanyezimira padzuwa. Thonje limapepuka koma limakwinyika msanga. Manambala onga Super 100 kapena Super 120 amanena za kupyapyala kwa ulusi. Nambala ikakwera kwambiri nsalu imafewa koma imathanso msanga, kotero yokwera si yabwino nthawi zonse.

Pozindikira nsalu, ifumbateni m'dzanja kwa kanthawi n'kuitaya: ubweya umawongoka wokha. Pogula nsalu yodula, pemphani kaulusi n'kukayatsa ndi machesi. Ubweya umanunkha ngati tsitsi lopsa ndipo umasiya phulusa lofikisika, pamene poliyesita imasungunuka n'kusiya kampira kolimba. Jekete ya kaunjika iyang'aneni moloza dzuwa kuti muone mabowo a njenjete. Onani m'zigongono, m'khwapa ndi pakolala. Tembenuzani muone nsalu ya mkati ndi matumba, pakuti chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Ngati pachifuwa pali matuza, ndiye kuti guluu womata nsalu yolimbitsa mkati wamatuka, ndipo palibe simbi imene ingakonze zimenezo.

Pa mitundu, buluu ndi wotuwa wowalirapo ndi imene imagwira ntchito kulikonse, ndipo imakhala bwino pa khungu lathu. Khaki ndi mtundu wa mchenga imakomera masana ndipo imapirira fumbi lofiira la Lilongwe kuposa yoyera. Nsalu ya timabokosi ndi yozolowereka kumabwalo a mahatchi. Lamulo losavuta n'lakuti chofuula chikhale chimodzi. Suti ikakhala ya mabokosi, shati ikhale yopanda maluwa. Mukafuna chitenje, chiikeni pa wesikoti, pa tayi kapena pa kansalu ka m'thumba la pachifuwa, zinazo zikhale chete. Jekete yonse ya chitenje imatheka ku Durban, koma imafuna thalauza la mtundu umodzi wotengedwa m'chitenjemo.

Zing'onozing'ono zimene zimaulula

Shati yoyera kapena yabuluu wowala siilakwika. Kolala ikamangidwa, zala ziwiri zilowe pakhosi. Nsonga ya tayi ifike pa chitsulo cha lamba, osapitirira, osaperewera. Kansalu ka m'thumba kasakhale kodulidwa ku nsalu yomweyo ya tayi. Kangotengako mtundu umodzi. Batani lapansi la jekete silimangidwa, ndi la wesikoti lomwe, chifukwa zimasokedwa kuti zitseguke pamenepo. Pokhala pansi masulani jekete yonse.

Pali zinthu ziwiri zimene ambiri amasiya pa suti yatsopano. Kachikwangwani ka dzina la kampani kosokerera pamkono n'kothandiza wogulitsa, ndipo kamayenera kuchotsedwa ndi lezala mosamala. Chimodzimodzi timaulusi topingasa totseka mpata wa kumbuyo kwa jekete: anatiika kuti nsalu isapindike paulendo basi.

Nsapato ndi zimene zimapulumutsa kapena kuwononga tsiku. Zikhale zachikopa, zopolishidwa, ndipo zikhale zoti munaziyendera kale. Nsapato yatsopano imayamba kuluma ola lachiwiri, pamene tsiku lili ndi mipikisano yopitirira khumi. Zofiirira zimayenda ndi suti yabuluu, ya khaki kapena yotuwa. Zakuda zimafunika kumene malamulo ali okhwima. Lamba atsatire mtundu wa nsapato. Masokosi akhale aatali moti mukakhala pansi mwendo usaoneke. Chipewa si chokakamiza kumwera kuno, koma padzuwa la maola ambiri wilisoni kapena chipewa cholukidwa cha panama chimathandiza, ndipo chimavulidwa polowa m'chipinda chodyera. M'matumba musadzaze: foni ndi tikiti m'thumba la mkati, ndalama pang'ono, basi. Matumba otupa amapotoza ngakhale jekete yosokedwa bwino.

Ulendo ndi kusunga

Basi ya ku Joni imadutsa pa Dedza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, ndipo ulendowu umapitirira tsiku limodzi. Suti siivalidwa m'basi. Tembenuzani jekete kuti nsalu ya mkati ikhale kunja, lowetsani phewa limodzi m'linzake, pindani kamodzi, muike pamwamba pa katundu yense. Mukafika ipachikeni pa hang'ala yokhuthala mapewa. Ya waya imasiya nyanga. Nthunzi ya madzi otentha m'bafa imachotsa makwinya ambiri. Ngati pafunika simbi, kaya ya magetsi kaya ya makala, yalani kansalu konyowa pakati, chifukwa simbi yogunda ubweya mwachindunji imasiya kunyezimira kosachoka. Mwambo ukatha, ipukuteni ndi burashi, muiyanike pamthunzi tsiku limodzi musanaibwezere m'kabati. Jekete siichapidwa m'beseni, ndipo ngakhale kwa ochapa ndi makina isamapite pafupipafupi.

Ndalama zikakhala zochepa, monga zimakhalira kwa ambiri, musazithere pa suti yokha. Patulani kaye za telala wokonza ndi za nsapato, zotsalazo ndi zimene mukanenerere nazo kumsika. Jekete ya kaunjika ya ubweya imene yabwezedwa molingana ndi thupi lanu idzaoneka bwino kuposa yatsopano yodula imene mapewa ake ndi a munthu wina. Ndipo popereka thalauza kuti alibweze, nenani momveka: "A telala, mupinde, musadule." Nsalu yotsalira mumsoko wa kumbuyo ndi m'miyendo ndi imene idzalole kuti suti yomweyo ifutukulidwe mimba ikadzakula, kapena italikitsidwe mng'ono wanu akadzaibwereka tsiku la chinkhoswe chake.